Makalata Awiri Amene Rafaelo Sanalembe

Kabwazi, Dedza
Lamulungu, 26 Julayi 1998

Wokondedwa mlongo wanga Dorika,

Ndiyambe ndi kufuna kumva za moyo wako kumeneko ku Japan. Kodi ukudzuka bwanji? Maphunziro a unamwino akuyenda? Tamva kuti kumeneko tsopano kwatentha, munthu kutuluka thukuta ali chikhalire. Kuno ndi Julayi wa ku Dedza amene ukumudziwa. Nkhungu yafunda phiri kuyambira Lolemba, ndipo ana anga a Fomu 2 akulemba ndi dzanja limodzi, linalo lili m'khwapa.

Amayi ali bwino, kungoti mawondo aja. Alamu ako a Gloria ali bwino, Ufulu ndi mng'ono wake akukula ngati maungu a pachulu. Kachewere wa kudimba wachita. Atsibweni a Yeremiya nawonso alipo, akulamulirabe dziko lonse ali pa mpando wawo wa ndalema.

Ndikudziwa kuti wawerenga mainawa ndi chala, ndipo waona kuti lina ndalidumpha.

Usawerenge kalatayi uli m'sitima kapena m'kalasi. Bwerera kuchipinda, uitane Bridget, mnzako wa ku Zambia uja, akhale pambali pako. Ndiwe namwino, mawu otere wawanenapo kwa anthu ambiri. Koma undilole ndidzere njira yozungulira, chifukwa yachidule ndaiyesa katatu, ndipo mapepala atatu ali m'mbaula.

Ukukumbuka mmene matenda a makatuni anamugwirira mng'ono wanga Rafaelo. Amene anapalamula ndine. Chaka cha zisankho chija, iye akulemba zikwangwani za zipani zonse ndi burashi imodzi, ndinamuitana kusukulu kwathu kuti adzalembe dzina pakhomo la laibulale. Anadutsa pazenera la mnzanga wa ku Japan uja, wophunzitsa masamu, amene ana ankamutcha a Nsungwi chifukwa cha msinkhu. M'nyumbamo munkaoneka vidiyo ya zidole za maso aakulu ngati sosala, zimene eni ake amati anime. Rafaelo anaima pazenerapo mpaka penti inauma pa burashi. Chikwangwani cha mawu awiri chinatha patapita masabata atatu.

Kuyambira apo anayamba kubwereka matepi. Loweruka lililonse masana ankaimirira pambali pa sikirini m'kanyumba ka vidiyo ka kumsika wa pa boma, n'kumamasulira m'Chichewa chinenero chimene sankamva ngakhale liwu limodzi. Mtsikana wa tsitsi lobiriwira anamupatsa dzina loti Nambewe. Chimphona chachitsulo chija chinali Chigayo. Woipa mtima wa chikhoti chachitali ankamutcha a Khansala, ati chifukwa amayankhula nthawi yaitali asanachite kanthu. Ocheka matabwa a kuphiri ankatsika ndi utuchi m'tsitsi kudzamvera, ndipo ankakangana naye tepi yomweyo ikasintha nkhani sabata yotsatira. Iye ankawayankha kuti nawonso anthu a m'tepi akagona amaganiza mwina.

Tsiku lina ndinapita nawo a Nsungwi, ine n'kumawanong'oneza m'Chingerezi zimene mng'ono wanga akunena. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Ati awiri amene Rafaelo wangowakwatitsa ukwati wa kutchalitchi aja ndi munthu ndi mlongo wake. Rafaelo atamva sanatekeseke. Anati basi, ndiye kuti a ku Japan nkhaniyi sanaimvetse bwino. Pobwerera kwawo a Nsungwi anamusiyira matepi onse, mabuku a zithunzi oyambira kumapeto aja, ndi magazini yokhala ndi mapu a masitolo a ku Tokyo.

Nawe usadziyeretse. Ndiwe unkamubweretsera mafilimu akale a ekisirei otayidwa kuchipatala, iye n'kumawatsuka ndi jiki mpaka ayere ngati galasi, poti anamva kuti ojambula a kumeneko amapaka penti kumbuyo kwa pulasitiki yoonekera. Yake ikauma inkangosendeka ngati khungu la njoka. Zaka zinayi funso lake linali limodzi: iwo aja amathiramo chiyani kuti igwire?

Ndiye dzina lako litatuluka kuti upita ku Japan, amene anavina si iwe. Anatenga chipepala cha kampeni, kumbuyo kwake n'kujambula ulendo wonse ngati munthu amene wapitako kasanu. Tsiku loyamba, msewu wa masitolo a zamagetsi ku Akihabara, ukalowe paliponse pamene pakhomo paima chidole chachikulu kuposa iwe. Tsiku lachiwiri, nyumba yosanjikizana yogulitsa mabuku akale a zithunzi, ukagule pulasitiki imodzi yojambulidwa ndi manja, yeniyeni, uinunkhize kumbuyo kuti udziwe ngati pentiyo ndi yamafuta. Tsiku lachitatu, ukaime pageti la nyumba imene amajambuliramo, nthawi ya nkhomaliro, uone ngati zala za anthu otulukamo zili zothimbirira ngati zake. Munthu wosafikapo ndi ku Blantyre komwe, anakulembera mpaka mbali ya msewu yoti uyendemo.

Pokwera basi pa boma mu Januwale uja, iye akutsokomolera kumbali kuti usamuone, unandikokera kuseri kwa minibasi. Unati achimwene, chifuwa chimenechi sindikuchikhulupirira, chikasintha mundiuze, zabwino kapena zoipa, musandichite za kumudzi. Ndinalonjeza. Ndinachita kukweza dzanja ngati mboni m'khoti, iwe n'kuseka.

Mu Epulo anasiya kukwera makwerero. Mu Meyi tinamugoneka kuchipatala, ndipo anzako a mu wodi anamusamala ngati mlongo wawo. Chifuwa chachikulu chinali pamwamba chabe. Chimene chinali pansi pake ukuchidziwa kuposa ine, ndipo iye kwa ine sanabise. Atamujambula anapempha adokotala kuti chithunzi cha chifuwa chake asataye, ati pulasitiki yake ndi yabwino.

Makalata ako ankayankha yekha, ali chogona, m'mphepete n'kujambulamo nkhope zoseka. Za matenda sankatchulamo. Ine ndinkati poti mwini wake sakunena, ndidikire sabata ina. Umo ndi mmene lonjezo limaolera, sabata imodzi imodzi.

Lachiwiri pa 9 Juni masana, dzanja litakana cholembera, anandiuza kuti ndilembe tsiku lachinayi la ulendo wako. Ndinakonzeka kulemba sitolo ina. Iye anati lembani kuti tsiku lachinayi asagule kanthu, asafunse kanthu, apite kumene mtima wake ukufuna. Ati mwana uja chibadwire amangotumidwa, kumadzi, kuchigayo, ku wodi, tsopano ine ndamutuma mpaka ku Tokyo. Kapepala kamene wakapeza m'kati mwa kalatayi ndi komweko. Zilembo ndi zanga, mawu ndi ake.

Dorika, mlongo wako Rafaelo anatisiya Lachinayi pa 11 Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Amayi anali kumiyendo, ine kumutu. Pomaliza sanavutike. Tinamuika Loweruka pa 13, pafupi ndi abambo. Patha masabata asanu ndi limodzi.

Ika kalatayi pansi ngati ukufuna. Zotsalazi ndi za ine, ndipo zikhoza kudikira.

Anthu anabwera ambiri. Ocheka matabwa aja anatsika ndi bokosi la paini wosankha, lopalidwa bwino mkati ndi kunja, ndipo sanalole munthu wina kulinyamula mpaka kutchalitchi. Madalaivala amene anawalembera maina kumbuyo kwa minibasi zawo anaima pamsewu n'kuzimitsa mainjini. Ndimva kuti kumsika tepi ija akuionetsabe Loweruka, anthu n'kumadzifotokozera okha, aliyense mmene akukumbukira. Akumakangana kuposa kale, poti woweruza palibe.

Tsiku lometa, atsibweni anatisonkhanitsa kuseri kwa nyumba. Ati wapaulendo sauzidwa maliro, amauzidwa akafika pakhomo, atakhala pansi, atamwa madzi. Ati mukamuuza ali kutsidya kwa nyanja alira ndi yani, akomoka m'nyumba za eni, mayeso a mu Seputembala alephera, abwera chimanjamanja, ndiye tataya awiri. Ati iwonso, pamene anali ku migodi ku Joni, anamva za imfa ya amayi awo patatha chaka, ndipo sanafe nazo. Amayi ankangosalaza chitenje pabondo. Ine ndinatchula lonjezo langa, ndi mawu okoma a munthu wa ku koleji. Atsibweni anandifunsa kuti kodi dipuloma yangayo yaikapo maliro angati. Ndinagonja. Kunena zoona, ndinapepukidwa.

Sabata yomweyo kunafika kalata yako yopita kwa Rafaelo, pamodzi ndi kaphukusi ka chidole chaching'ono chachitsulo chija, chimene unati wachipeza pa sitolo ya pafupi ndi koleji, poyembekeza ulendo waukulu. Amayi anachiimika pa shelefu pambali pa fano la Amayi Maria. A katekisiti atabwera kudzapepesa anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa mwaulemu kuti kodi ameneyu ndi woyera uti. Amayi anati ndi wa Rafaelo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Koma kalatayo inkafuna yankho. Atsibweni anati ikapanda kuyankhidwa mwana adziwa. Anatembenukira kwa ine. Ati si paja iwe umalembera ana asukulu masewero?

Ndinalemba awiri, ya pa 18 Juni ndi ya pa 4 Julayi, onse pa makina otayipira. Nkhani ya chala chochekedwa ndi galasi ija, yoti n'chifukwa chake sakulemba pamanja, ndinapeka ine. Zothokoza chidole, ine. Zoti wayamba kunenepa ndipo akumaliza mbale ziwiri za kachewere, ine. Zoti adzakudikira pa siteji burashi ili m'manja, ine.

Ndikanakonda kukuuza kuti ndinkalemba ndikulira, atsibweni atandiimirira ndi ndodo. Mwina yoyamba inali choncho. Yachiwiri palibe anandituma. Ndinkachita kuiyembekezera. Ndikakhala pa makina aja ana ataweruka, ndinkamumva m'khutu akundinyoza kuti achimwene, chiganizo chimenecho chavala tayi, chivuleni. Ndinkachivula. Kwa ola limodzi anali moyo, ndipo ine ndinali ndi mng'ono wanga.

Pali china chochititsa manyazi kuposa apa. Iwe kwa ine umalemba ngati ukulembera a hedimasitala: ndafika bwino, ndikukhulupirira muli bwino. Kwa iye umalemba za anthu ogona m'sitima ali chiimire, za nsomba yaiwisi imene unaibisa m'chikwama kuti usakhumudwitse aphunzitsi, za mmene umasungulumwira Lamulungu ukatuluka ku Misa yosamva mawu. Inu awiri munapondana, munakulira mphasa imodzi. Ine ndinakulira ku sukulu zogonera komweko, mlendo wa pa holide wobwera ndi sutikesi ndi Chingerezi. Ndakudziwa bwino m'masabata asanu ndi limodzi awa kuposa zaka zonse zimene takhala abale, ndipo ndakudziwa mwakuba.

Kalata yako ya pa 8 Julayi inafika Lachitatu lapitali. Wati mwapatsidwa tchuthi cha sabata pakati pa Ogasiti, chifukwa nthawi imeneyo eni dziko amabwerera kwawo kukasesa pa manda ndi kukumbukira akufa awo. Wati poti iwe ulibe manda atsopano oti ukasese, upita ku Tokyo pa ulendo wa Rafa. Ndipo wapempha kuti chala chikapola akujambulire nkhope ya Nambewe, ukaonetse wogulitsa, poti dzina lenileni la mtsikanayo palibe akulidziwa.

Ndisakunamize kuti pomwepo ndinalapa. Ndinatenga pensulo. Lachinayi ndinajambula kuyambira poweruka mpaka dzuwa kupendeka. Alamu ako anadutsa ndi beseni la zochapa, anasuzumira, n'kufunsa kuti kodi chuleyo akudwala chiyani.

Lachisanu ndinaganiza zanzeru. Ndinapita kwa amayi, ndinatsegula bokosi lachitsulo limene asungamo zinthu zake, kuti nditengemo chithunzi chimodzi chakale ndikutumizire ngati chatsopano. A Nambewe alimo ambiri, pa mapepala a kampeni, pa makatoni, pa mafilimu aja. Ndinasankha mmodzi wopanda deti. Ndili mkati momudula ndi sizasi, amayi analowa kuchokera kudimba, khasu lili paphewa.

Anaima pakhomo. Ati abambo a Ufulu, mawu ake munatenga kale, lero mwabwerera dzanja?

Ndinatulutsa kalata yako n'kuwawerengera. Nditafika pa mawu a manda aja, anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anaika khasu pansi, anandilanda chithunzicho, anachibwezera m'bokosi, anatseka, n'kukhalapo pamwamba. Nkhuku zinkangolowa ndi kutuluka.

Kenaka anati iwo achimwene awo sangawatsutse, ndipo sakutuma munthu. Koma ngati wina atamulembera mwanayo, amuuze kuti ife tonse tinameta pa 15 Juni, watsala ndi iye yekha. Ati asachite kumeta mpala pakati pa alendo. Adule pang'ono kuseri kwa khutu, akulunge m'kapepala, adzabwere nalo.

Ndiye ndi ine wina uja.

Atsibweni sakudziwa. Ndikawauza mawa ndikuchokera ku positi ofesi, chifukwa kalata ikalowa m'bokosi lofiira lija ngakhale iwo sangailamule. Akandiuza mawu, ndipo ena mwa mawuwo akhala oona. Mwina ulephera kuwerenga sabata ino ndi yamawa. Mwina mayeso akuvuta, ndipo mlandu udzakhala wanga. Ndauganizira ndipo ndauvomera. Chimene ndalephera kuvomera ndi kukuona m'maganizo utaima m'sitolo ya eni, ukusankha mosamala, ukununkhiza pulasitiki, ukuseka wekha poganiza mmene adzasangalalire, pamene kuno dothi la pamanda pake layamba kale kutsika.

Za ulendowo sindikuuza chochita. Takusankhira zokwanira. Ukafuna kupita, pita, mapu uli nawo ndipo masiku onse anayi tsopano akwanira. Ukafuna kutseka chitseko n'kulira sabata yonse, lira, Bridget akuphikire. Ukafuna kusiya zonse n'kubwera, palibe adzakudzudzule, ndipo amene adzayese adzayambe wadutsa pa ine. Ndikungofuna kuti chimene uchite uchite ukudziwa. Ndikupemphera kuti kalatayi ikupeze usananyamuke.

Chikhululuko sindikupempha lero, ndi msanga. Unandipatsa ntchito imodzi yokha ndipo ndinaichita mochedwa ndi masabata asanu ndi limodzi, kuwonjezapo mabodza awiri otayipa. Ukafuna kukalipa, lembera ine. Bokosi la positi ndi lomwe lija. Usachite kusankha mawu, ndazolowera kale mmene umalembera ukamasuka. Tsiku lobwera ndidzakhala ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Ukadzaona kuti moni sakutuluka, udzangondipatsa sutikesi, udzatsogole, ine ndidzatsatira.

Ndikudziwa kuti poti umalemba masabata awiri aliwonse, pali kalata ina yopita kwa Rafaelo imene ili kale m'njira, ndipo ipambana ndi inoyi pakati pa nyanja. Imeneyo ikafika sinditsegula. Ndikaipereka kwa amayi aiike m'bokosi lake, ndipo udzaipeza yomata.

Ambuye akugwire dzanja kumene ife sitingafike, akupatse tulo ndi mphamvu. Misa ya mlongo wako idzachitika pa 15 Ogasiti m'mawa, ngati ungafune kugwada nafe uli komweko. Undiperekere moni kwa Bridget, umuuze kuti banja lonse likumuthokoza chifukwa cha ntchito imene ndamusenzetsa osamupempha. Amayi akuti udye, ngakhale chakudya chitakana. Alamu ako ndi ana akupereka moni.

Ndine mlongo wako, ndi dzanja langa ndi dzina langa,

Kalisto